Nsanza ndi Sandipepa

Loweruka lililonse dzuwa likapendeka ndimatulutsa njinga yanga yamoto pakhonde n'kukaiimika pansi pa mtengo wa mango. Ndimatenga ndowa ya madzi, sopo, nsanza zitatu zong'amba ku malaya akale athonje, ndi kachubu ka polishi wa zitsulo kamene mphwanga amanditumizira kuchokera ku Joni. Njingayo ndi ya 125, ya ku Japan, ndipo ndinagula ili yakale kale m'chaka cha 2009 nditangopuma pa ntchito ya ulangizi wa zaulimi. Felemu yake ndi yachitsulo wamba chopaka penti yakuda, koma zivundikiro za injini, mahabu, miyendo ya foloko yakutsogolo ndi zogwirira za buleki ndi kilatchi, zonsezi ndi za aluminiyamu. Zimenezi ndizo ndimapukuta, ndipo ntchitoyo imanditengera ola limodzi, nthawi ya dzinja kuposerapo.

Tsiku lina mkulu wa mpingo mnzanga, amene timakhala pa benchi imodzi kutsogolo m'tchalitchi, anandipeza nditagwada pa fumbi nsanza ili m'manja. Anaima kanthawi akuyang'ana nkhope yawo pa chivundikiro cha injini. Kenako anati, "Abambo, nthawi yonseyi bwenzi mutazonda odwala awiri. Chitsulochi sabata yamawa chithimbiriranso. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere." Sananene monyoza. Ndi munthu woopa Mulungu, ndipo amandikonda. Potsanzikana anandikumbutsa za Afarisi a pa Mateyu 23, aja Ambuye anawadzudzula chifukwa chosamala kunja kwa chikho n'kusiya m'kati muli zonyansa.

Usiku umenewo tulo tinandivuta. Funso lawo linali loona, ndipo lili ndi mizu yaitali kuposa nkhani ya njinga. Munthu wopemphera angathere bwanji mphamvu zake pa kuwala kumene akudziwa kuti sikukhalitsa? Kodi si uku kuthamangitsa mphepo kumene Mlaliki anakana? Ndakhala nalo funsoli zaka zingapo, ndipo pamene ndinayamba kuliona bwino mpamene ndinakumbukira poto wa mayi anga.

Kwathu ndi ku Ntcheu. Ndili mwana, ndiwo ndi nsima zonse zinkaphikidwa m'miphika yadothi, koma mayi anali ndi poto mmodzi wa aluminiyamu amene bambo anabwera naye pochokera ku Halale. Potoyo anali ulemu wa nyumba yathu. Madzulo alionse mayi ankamutengera kuseri kwa khitchini ndi mchenga wa kudambo, phulusa ndi chitsononkho, n'kumukwecha mpaka mwaye wonse utachoka. Akamuika pa thandala dzuwa la m'mawa linkamenya pamenepo moti amayi odutsa popita kuchitsime ankaima n'kuyamikira. Patapita zaka, pansi pa potoyo panapyapyala ngati tsamba la nthochi, kenako panaoneka kabowo. Wokhoma zidebe anatseka. Chaka chotsatira panabooka pena. Bambo anati moto wa nkhuni za tsanya ndiwo wadya potoyo. Mayi anamuyang'anitsitsa atamukweza ku dzuwa, kuwala kukudutsa pa timabowo, n'kunena kuti, "Si moto ayi, abambo ake mwana. Ndi dzanja langa lomweli."

Mayi sanapite ku sukulu, koma ananena zimene ine ndinadzaphunzira pambuyo pake m'kalasi ya sayansi. Aliyense amene anapukutapo aluminiyamu amadziwa kuti nsanza imada bii, ngakhale chitsulocho chitakhala chotsuka bwino. Chakudacho si litsiro la mumsewu. Mbali yaikulu ndi aluminiyamu weniweniyo, tizidutswa tosaoneka ndi maso timene polishi wapala. Ndiye kuti nthawi iliyonse chitsulo chikawala, chachepako. Pa tsiku limodzi kuchepako n'kosayezeka, koma mchenga wa mayi unayenda pa poto uja masiku onse kwa zaka zambiri.

Chodabwitsa chachikulu chili pa kuthimbirirako. Aluminiyamu akangokumana ndi mpweya, nthawi yomweyo pamwamba pake pamapangika kakhungu, chifukwa okosijeni amagwirana ndi chitsulocho. Kakhunguko n'kopyapyala moti kuti kafike pa kunenepa kwa tsitsi limodzi mungafunike kusanjikiza zigawo zoposa 10,000. Komabe n'kolimba kuposa chitsulo chimene kakuphimba. Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660, n'chifukwa chake anyamata opanga mapoto m'matauni amatha kusungunula mapisitoni ndi zivundikiro za injini zakutha pa moto wa makala wopemerera. Kakhungu kake kokha kamafuna kutentha koposa madigiri 2,000. Ndipo kakangopangika kamatseka njira, mpweya sulowanso, kudyeka kumaima. Chitsulo cha khasu sichitero. Dzimbiri la khasu limafufuma, limasweka, limayoyoka, n'kusiya chitsulo chatsopano poyera kuti nachonso chidyeke, mpaka khasu lonse litatha. Khasu losiyidwa pamvula limafa ndi dzimbiri lake. Aluminiyamu amapulumuka ndi kuthimbirira kwake.

Ife a ku Ntcheu tili ndi umboni wa zimenezi pakhomo pomwe. Pa phiri la Chimwadzulu pamapezeka miyala ya mtengo wapatali ya ruby ndi sapphire. Miyala imeneyi thupi lake ndi lomwelija la kakhungu kotuwa ka pa injini yanga, kungoti inaumbika pansi pa nthaka n'kusakanikirana ndi tizitsulo tina timene timaipatsa mtundu. Sandipepa wofiirira wa akalipentala amapangidwa ndi mchenga wa chinthu chomwechi, ndipo polishi wambiri wa zitsulo ali ndi ufa wake wosalala. Tsiku limene ndinazindikira zimenezi ndinakhala chete nthawi yaitali chubu chili m'manja. Chimene ndimachiona ngati chilema pa njinga yanga ndi m'bale wake wa mwala umene mafumu amavala.

Olemba Baibulo sanamuone aluminiyamu. Iye ndi wochuluka m'nthaka kuposa chitsulo china chilichonse, ndipo ngakhale pa phiri la Mulanje, ku Lichenya, kuli dothi lake lotchedwa bauxite, koma amakakamira okosijeni mwamphamvu moti anthu anatha zaka zikwi osadziwa kumulekanitsa. Mu 1884 anali akadali wodula pamene Amereka anamusankha kukhala kansonga ka chipilala chokumbukira George Washington. Mu 1886 anyamata awiri, Charles Hall ku Amereka ndi Paul Héroult ku France, aliyense payekha, anapeza njira yomulekanitsira ndi magetsi, ndipo kuyambira pamenepo anatsika mtengo mpaka kudzafika pa mafuwa a mayi anga. Choncho pamene Ambuye ankachenjeza za chuma chodyedwa ndi njenjete ndi dzimbiri, omvera awo ankadziwa dzimbiri lowononga lokhalo. Ifenso a mpingo tinatengera maso omwewo. Tikaona munthu wathimbirira, timangoganiza kuti akuola.

Njinga yanga nditangoigula, zivundikiro za injini zinali zoipa kuona. Kufakitale amapukuta aluminiyamu n'kumupaka vanishi woonekera kuti asunge kuwala popanda mwini wake kuvutika. Zaka zoyamba zimayenda bwino. Koma mwala wa mumsewu ukangoboola vanishiyo pang'ono, madzi amalowa pansi pake, ndipo sangatulukenso kapena kuuma msanga. Pamenepo chitsulo chimayamba kudyeka mobisika, n'kumapanga mizere yoyera yokhotakhota ngati njira za chiswe. Ukagwira pamwamba mposalala. Ukapukuta ndi nsanza palibe chimasintha, chifukwa nsanzayo ikuyenda pa vanishi, matenda ali pansi.

Ndinamasula zivundikirozo n'kuchotsa vanishi yense. Kenako ndinayamba ndi sandipepa wa 400 woviika m'madzi a sopo, kukhula mbali imodzi yokha mpaka mizere yoyera ndi timaenje zitafafanizika. Ndinapita pa 600 ndikukhula mopingasa, kuti ndione ngati zikande za 400 zatha, kenako 800, 1200, mpaka 2000. Ukadumpha sitepe imodzi chifukwa cha changu, zikande zakuya zimadzaonekera pamapeto polishi atawalitsa, ndipo umayenera kubwerera. Makaniko wina anandiletsa zinthu ziwiri. Sitiliwaya wa mapoto amasiya tizitsulo tomwe timadzachita mawanga a dzimbiri, ndipo kositiki soda amadya aluminiyamu ngati moto. Ntchito yonse inanditengera masabata atatu, zala zinatupa, madzi a m'beseni ankasanduka otuwa ndi chitsulo chopalidwa. Zimenezi ndinachita kamodzi kokha, mu 2009. Kufikira lero sandipepa sanakhudzenso injini imeneyi.

Apa mpamene ndinapeza yankho loyamba kwa mkulu mnzanga uja. Mfarisi wa pa Mateyu 23 si munthu wa nsanza. Ndi munthu wa vanishi. Anawala tsiku lina kalekale, mwina moona, ndiye anafuna kuti kuwalako kukhale kwamuyaya popanda kugwadanso. Anadzikuta ndi dzina, udindo, yunifolomu ya chigwirizano, mpando wakutsogolo. Madzi analowa pa kabowo kamene iye sanakaone, ndipo popeza pamwamba mposalala, palibe dzanja limene lingafike pamene pakudwala. Ndikunena izi ndili mkulu wa mpingo wa zaka zambiri, ndipo ndikudziwa kuti vanishi ameneyu amamata bwino kwambiri pa ife a pa benchi yakutsogolo. Aluminiyamu wosavala kanthu alibe pobisala. Mvula ikamugwera, mawa aliyense aona madontho. Amafuna dzanja sabata iliyonse, koma chilichonse chimene chikumuchitikira chili poyera.

Dzanja la sabata iliyonselo ndi lofewa. Ndimatsuka matope ndi madzi ambiri ndisanakhudze ndi nsanza, chifukwa fumbi la mwezi wa Okutobala likakhala pa nsanza youma limakanda ngati sandipepa. Ndimaumitsa. Polishi ndimaika kadontho ngati njere ya chimanga, osati sabata iliyonse, mwina kamodzi pa mwezi, ndipo pamapeto ndimapakapo phula pang'ono kuti madzi azitsetsereka. Ndikamachita zimenezi ndimakumbukira usiku uja Ambuye anavala nsalu m'chiuno n'kusambitsa mapazi a ophunzira. Petro atapempha kuti asambitsidwenso manja ndi mutu, anauzidwa kuti munthu amene wasamba kale amangofunika kutsuka mapazi. Pali kusamba kwakukulu, ndipo pali kuchotsa fumbi la ulendo wa lero. Amene sasiyanitsa ziwirizi adzachita zimene mayi anachita kwa poto wawo.

Chaka china mwezi wa Juni tinalandira uthenga wa maliro ku Mtakataka. Tinapangana ndi mayi a kunyumba kuti tinyamuke Lamulungu tikaweruka ku mapemphero, kudzera msewu wotsetsereka wa Khwekhwelere wopita ku Golomoti. Amene anayendapo amaudziwa: makona otsatizana, phompho kumbali, dzanja ndi phazi zili pa buleki kuyambira pamwamba mpaka pansi. Loweruka lake ndinagwada monga mwa masiku onse. Ndikupukuta habu yakumbuyo, pafupi ndi pamene masipoko amakolekedwa, nsanza inasiya kamzere kakuda kopyapyala ngati ulusi. Ndinapukutanso, kamzereko kanabwerera pomwepo. Polishi wakuda anali atalowa mu mng'alu. Cholakwa chinali changa: masabata apitawo ndinasenzetsa njingayo matumba awiri a chimanga n'kugwera nawo m'dzenje. Aluminiyamu woumba sapindika n'kukuchenjeza monga chimachitira chitsulo cha felemu. Amang'aluka mwakachetechete, tsiku lina n'kuthyoka kamodzi. Pa habu yokutidwa ndi matope ndi girisi, mng'alu umenewo sindikanauona. Ku maliro tinapita pa minibasi.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuganiza kuti cholinga cha kupukuta ndi kuwala. Kuwalako ndi chizindikiro chabe chakuti dzanja lapita paliponse. Munthu wopukuta njinga yake amadziwa nati imene yayamba kumasuka, sipoko imene yalefuka, pamene oyilo wayamba kudontha. Anyamata a kabaza a pa Lizulu ndi pa Ntcheu boma ndimawayang'ana ndi diso limeneli. Amene amatsuka njinga yake m'mawa ndi manja ake ndimakwera mtima uli m'malo, chifukwa ndikudziwa kuti waiona. Pemphero la m'mawa ndi madzulo nalonso ndi lotero. Silisandutsa munthu mngelo, ndipo mawa lake fumbi limakhala litabwerera. Koma munthu amene amadutsitsa nsanza pa mtima wake tsiku ndi tsiku pamaso pa Mulungu amapeza mng'alu akadali pabwalo pa nyumba yake, asanafike pa Khwekhwelere.

Makaniko amene anandiikira habu ina ndi Msilamu wochokera ku Mangochi. Nditamufotokozera mmene ndinapezera mng'aluwo anaseka mokondwa, nati kwawo ku madrasa anaphunzira zofanana. Mphunzitsi wamkulu wa Chisilamu, al-Ghazali, amene anamwalira mu 1111, ankayerekeza mtima ndi kalilole wachitsulo amene amachita dzimbiri, ndipo kukumbukira Mulungu kosalekeza ndiko kumamupukuta. Ndinamuuza kuti ifenso tili nazo. Akalilole a makedzana sanali agalasi koma amkuwa wopukuta, ndipo buku la Eksodo limanena kuti beseni losambiramo ansembe pa chihema linapangidwa ndi akalilole amkuwa a amayi otumikira pa khomo. Chiwiya chodziyang'anirapo chinasanduka chiwiya chosambiramo. Tinakhala pa benchi ya galaja yake mpaka dzuwa kulowa, manja onse ali akuda, tikukambirana zimenezi.

Sindikufuna kunamizira kuti mkulu mnzanga uja analakwitsa zonse. Kuwala kongofuna maso a anthu kulipo. Mphwanga wa ku Joni amanditumizira zithunzi za njinga zikuluzikulu za mpikisano zimene eni ake anapukuta felemu yonse mpaka kukhala ngati kalilole. Njinga zoterezi felemu yake ndi ya aluminiyamu, kutsatira njira imene Suzuki anatsegula ndi RG250 Gamma mu 1983 ndi GSX-R750 mu 1985. Kufakitale mafelemu ambiri otere amaviikidwa m'madzi a asidi n'kudutsitsamo magetsi kuti kakhungu kachilengedwe kaja kanenepe kwambiri. Zotsatira zake ndi chitsulo chotuwa, chosanyezimira, koma chopirira mvula ndi mchere kwa zaka. Wofuna kalilole amayenera kupala chitetezo chonsecho, ndipo wosadziwa amapalanso mizere ya powotcherera kuti pasalale, pamene mphamvu ya felemu ili pomwepo. Njinga imakongola pa chithunzi, mwini wake wagula ukapolo wopukuta kosatha, ndipo ngati wapala mopitirira wafooketsa chimene chimanyamula moyo wake pa liwiro lalikulu. Amene anapanga felemuyo anasankha kutuwa mwadala chifukwa ankadziwa msewu umene idzayendamo. Pa njinga yanga pali zigawo zimene sindipukuta konse. Zipsepse za silinda zimangofuna kutsukidwa kuti zitaye kutentha, ndipo ndimazisiya zotuwa.

Tsopano ndifike pa chimene chandilembetsa zonsezi, chifukwa si njinga.

Zaka zingapo zapitazo mtsikana wa mu kwaya yathu anapezeka ndi pathupi asanakwatiwe. Anali mwana wamasiye, woleredwa ndi agogo ake. Tinamuitana ku bwalo la akulu a mpingo, anavomera, analira, tinamudula monga mwa chilangizo. Mpaka apa sindikutsutsa kanthu; chilonda chinalipo ndipo chinafunika kutsukidwa. Koma sitinalekere pomwepo. Dzina lake linawerengedwa pamaso pa mpingo. Amayi anamuitana padera n'kumufunsanso zonse kuyambira pachiyambi. Pa chitsitsimutso cha chaka chimenecho mlaliki anapereka chitsanzo chimene aliyense anadziwa mwini wake. Itakwana nthawi yoti abwezedwe, tinamuitananso kuti tione ngati walapadi. Anabwera mwana ali kumbuyo, nakhala pa mkeka, maso ali pansi. Tinamufunsa mafunso, iye ankangoyankha kuti inde kapena ayi. Sanalire. Mmodzi wa ife anati mtima wake wauma, sakuonetsa chisoni, adikire miyezi ina isanu ndi umodzi. Ine ndinavomereza. Dzanja langa linakwera pamodzi ndi ena.

Sanabwerenso. Ndinamva kuti anapita ku Lilongwe kukagwira ntchito ya m'nyumba, ndipo agogo ake anamwalira iye asanabwezedwe mu mpingo.

Nkhope yake ya tsiku limenelo imandibwerera ndikagwada pansi pa mango. Lero ndikukhulupirira kuti chimene tinachitcha kuuma mtima chinali kakhungu kamene Mulungu amapereka kwa munthu wopalidwa kuti asatheretu. Mwana uja anali atakhulidwa ndi sandipepa wa 400 kanayi pa chaka chimodzi. Nthawi iliyonse akayamba kuphimba bala kuti athe kudzuka m'mawa, kuyamwitsa ndi kupita kumunda, ife tinkaona kutuwako n'kunena kuti dzimbiri labwerera, tipalenso. Tinkafuna kuona chitsulo chofiira magazi kuti tikhutire kuti kulapa n'koona. Monga mlangizi ndagwira manja a alimi ambirimbiri. Mlimi akayamba kulima amatuluka matuza, kenako khungu limalimba, ndipo kulimbako ndiko kumamulola kugwira khasu mpaka kukolola. Palibe amene amati dzanja limenelo lafa. Nkhanambo ya pa chilonda sioneka bwino, koma mayi aliyense amamenya kadzanja ka mwana wofuna kuitokosola.

Wina adzati, nanga tchimo tizilisekerera? Ayi. Zivundikiro za injini yanga zikanapanda kukumana ndi sandipepa mu 2009 bwenzi pano zitabooka. Pali kuola kumene nsanza singathe, makamaka kuja kobisala pansi pa vanishi, ndipo kumeneko mpingo uyenera kulimba mtima, ngakhale wodwalayo atakhala mkulu kapena mbusa. Chondiwawa n'chakuti sandipepa wathu kawirikawiri amalambalala ovala vanishi n'kukagwera amene alibe chodzikuta nacho: atsikana, amasiye, anyamata osauka amene kulakwa kwawo kumaonekera pa thupi kapena pa msika. Mwamuna amene anapereka pathupi paja sanakhale pa mkeka uja ngakhale tsiku limodzi.

Paulo, amene sanali munthu wonyengerera tchimo, analembera Akorinto kachiwiri za munthu wina amene mpingo unamulanga. Anawauza kuti chilangocho chakwana, tsopano amukhululukire ndi kumutonthoza kuti chisoni chochuluka chingamumize. Mtumwiyo ankadziwa kuti munthu ali ndi malire a kupalidwa. Mmisiri weniweni asanaike sandipepa pa chitsulo amayamba wachigogoda, kuchiyeza ndi zala, kufunsa kuti chatsala chochuluka bwanji ndipo ena anachipalapo kangati iye asanafike. Akatha ndi 400 sathera pomwepo. Amapita ku wosalala, ndi wosalala koposa, sitepe iliyonse ikuchotsa zikande za inzake, mpaka potsiriza ndi nsalu yofewa yokha imene ikukhudza. Ife tinayamba ndi 400, tinabwereza 400, ndipo nsalu yofewayo sitinaitulutse m'thumba.

Ndipo pali china chimene ndachedwa kuchimvetsa. Kuwala kwa chivundikiro cha injini si kwake. Mukachilowetsa m'nyumba yamdima n'chakuda ngati mphika. Chimangobweza dzuwa. Mose potsika m'phiri nkhope yake inkanyezimira chifukwa cha Amene analankhula naye, ndipo Paulo akunena kuti kunyezimirako kunali kozilala. Ngati nkhope ya Mose inazilala, ife tikudabwa chiyani mwana wamasiye akabwera pamaso pathu atatuwa? Ntchito yathu inali yomutengera pa dzuwa. Ife tinamusunga m'chipinda cha mafunso n'kumamuimba mlandu wosawala.

Mkulu mnzanga uja ndinakamuuza zonsezi kunyumba kwawo, tikudya mbatata yootcha. Anamvetsera mpaka pamapeto. Pa za njinga sanasinthe maganizo, amaonabe kuti ola la Loweruka ndi lalitali. Pa za mtsikana uja anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati nawonso dzanja lawo linakwera tsiku lija, ndipo akhala akulikumbukira.

Lachitatu likudzali bwalo lathu likhalanso. Pali mnyamata wa kabaza amene anadulidwa chaka chatha chifukwa cha mowa. Wakhala akubwera ku mapemphero miyezi isanu ndi itatu, amakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko, salankhula ndi munthu, ndipo ndamva kale ena akunena kuti sakuoneka wosweka mtima. Akulu anzanga, ndikukupemphani pamaso pa Mulungu: mnyamata ameneyu tisamuimikenso kutsogolo, ndipo tisamufunsenso zimene anayankha kale. Nditumeni ine ndi mmodzi wa inu tipite kwawo Loweruka madzulo, tikakhale naye pakhonde, tikamuuze kuti malo ake pa Mgonero alipo. Njinga yanga idzagona ndi fumbi lake sabata imeneyo.